Kapitao wa M'chitsime Ali kwa Amalume

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Moni ndapereka, chifukwa munandilera kuti ndisamayambe mlandu ndisanalonjere. Tsopano ndiyankheni mosazungulira: mabuku a makatuni aja anali m'mala mwanu, m'bokosi lachitsulo lomwe munachoka nalo ku Angonia, pansi pa zitenje zanu zija mumati makapulana, anali a ndani? Inu mukudziwa, ine ndikudziwa, Mulungu akudziwa. Vuto ndi loti pa atatufe, wotha kuyankhula pabwalo ndine ndekha, ndipo ine anthu a kwathu ku Ruda anasiya kalekale kundimvera, ati ndimayankhula ngati matalala pa malata. Nkhaniyi ndiibwerera. Ndiyambe ndakuuzani za kumudzi, mungati Felesiya amandikumbuka pokhapokha zikamuthina.

Mpongozi wanu, mkazi wa Tomasi, anachira bwinobwino mvula yoyamba itangogwa. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno watengera inu, kukuwa watengera ine, ndiye bambo ake akuti tsoka lawagwera kawiri. Tomasiyo akadali ku esiteti, koma tiyi masiku ano sathyola ndi zala ngati nthawi yanu. Amakoka makina awiriawiri pamwamba pa mitengo, n'kumameta ngati akumeta mkaidi. Mukanaona masamba omwe akulowa m'matumba, ndi timitengo tomwe, mukanafanso kachiwiri.

Nthochi zanu za kuseri kwa nyumba zabereka mochititsa manyazi. Ndinauza Tomasi kuti aziikire mphanda, iye n'kumazengereza, mpaka ina inagwa ndi mkoko wake wonse. Ndinamukumbutsa mawu anu aja akuti, "Nthochi ikabereka kwambiri ndi pomwe imafuna woigwira," iye akuti munkanena za anthu osati za nthochi. Ndinamuuza kuti munkanena zonse ziwiri, ndipo iye walephera zonse ziwiri. Mapeyala akungogwa okha, nkhumba za aneba zanenepa ndi thukuta lanu. Chimanga cha kumtunda apusi anakolola m'malo mwathu. Kuno ku Gaza, komboni ya m'tauni ya Chipinge, makina anga osokera akuyendabe, kungoti lamba amaduka nthawi yomwe makolo adzadza pakhomo kufuna mayunifolomu. Chifuwa chija chinandisiya. Ndatha za moni.

Titakuikani, m'mawa mwake panali kugawa katundu. Mwambo mukuudziwa, uja anzathu Amanyika amati kugova nhumbi, nafenso tinautengera pokhala nawo zaka zonsezi. Chilichonse chopezeka m'nyumba ya malemu amachitulutsa pa mphasa, amachiwaza madzi a zitsamba, n'kugawira abale. Cholandira pamenepo sukana, subweza, ndipo mnzako sangachiitanitse. Wogawa anali mlongo wanu, amalume a Zuze. Ine ndinali kuseri ndi amayi anzanga, tikutsuka mbale za anthu omwe anabwera kudzalira ndi m'mimba. Pomwe ndimatulukira ndi beseni, ndinapeza mala ali chitsegukire, amalume akugawa mabuku anga limodzilimodzi ngati mabuku a nyimbo m'tchalitchi, anthu n'kumawomba m'manja polandira.

Beseni ndinaliponya pansi, sindibisa. Ndinanena pamaso pa onse kuti amenewo ndi anga. Amalume anayankha mofatsa, monga amachitira akafuna kundipsetsa mtima, kuti za m'bokosi la malemu ndi za malemu, ndipo ngati anali anga bwanji mwini bokosi sananene. Ndinati mwini bokosi mwamukwirira dzulo inu nomwe, mukufuna anene bwanji? Amayi aang'ono a Rozina, mng'ono wanu, anandikokera kukhitchini, ati ndikuchititsa manyazi maliro. Maliro anali atatha. Chomwe chinkachitika pamenepo chinali kulanda kwa ulemu.

Anthu amenewa sadziwa kuti mabukuwa anafika bwanji m'nyumba mwathu. Inu munkachapa zovala kunyumba ya manijala, ana ake atakula n'kupita kunja, mabuku awo anawaunjika pa ng'anjo yotenthetsera madzi osamba. Inu munawaola, n'kuwanyamula m'dengu la tiyi mpaka ku komboni. Munandipatsa m'manja, ine ndili ndi zipere m'mutu, n'kunena kuti, "Tenga, awa ndi ako, moto uli ndi nkhuni zake." Mboni palibe, koma mawu ake ndi amenewo.

Simunkadziwa kuwerenga ngakhale dzina lanu, koma palibe mphunzitsi amene anawerengapo buku ngati inu. Munkayang'ana zithunzi, chala chili pa tsamba, n'kumafotokoza m'Chinyanja chanu cha ku Angonia ngati anthuwo munakula nawo. Lija la mayi wamtali wa njinga, wosendera chipewa kumbuyo, munkati akulondola mwamuna wake wothawira ku Joni, ndipo chikwama chili kumsanacho ndi cha zovala zake zoti akamuponyere kumaso. Lija la amuna ovala miphika yagalasi kumutu, oyenda modumphadumpha pa dothi lotuwa, munkati ndi opopera mankhwala m'tiyi, aledzera ndi fungo. Ine nditasiya sukulu n'kuyamba kuthyola tiyi pambali panu, ndinadziphunzitsa ndekha Chingelezi ndi timatumba ta mawu totuluka pakamwa pa anthu amenewa, liwu lililonse londikanika n'kumakafunsa kalaliki wa pa sikelo mpaka anayamba kubisala akandiona. Ndi pomwe ndinadziwa kuti mayi wa njinga uja amangogawa makalata, ndipo amuna a miphika ali ku mwezi.

Koma la pamtima ndi lija lopanda chikuto, la bambo wonenepa wa ndevu zapamlomo yemwe anagwera m'chitsime. Inu munamutcha Kapitao, chifukwa ankafanana ndi kapitao wathu uja ankakhuthula dengu lanu pansi ati muli timitengo. Tsamba lililonse pamabwera munthu kudzasuzumira m'chitsimemo, ndipo aliyense munkamupatsa dzina la munthu wa pa komboni. Asanaponye chingwe, munkati ayambe wafunsa kuti, "Bwana Kapitao, masamba anga lero ali bwanji?" Ndiye munkasintha mawu, n'kuyankha ngati chule ali mu mtsuko kuti ndi abwino kwambiri, mayi, sindinaonepo otere. Akazi a mzere wonse ankabwera kudzamva Lamlungu masana, ena n'kumagubuduka pa mphasa. Tsamba lomaliza linali lothothoka, inu munkati n'chifukwa choti akadali momwemo.

Tsiku lomwe ndinatha kuliwerenga ndekha, ndinathamanga kudzakuuzani kuti mwamunamizira, bamboyo ndi dokotala wabwino, anagwa pofuna kupulumutsa kamwana ka mbuzi. Simunatembenuke n'komwe. Munangoti, "Mzungu analemba zake, ine ndikuwerenga nkhope." Mpaka lero ndikaliyang'ana ndimaona kapitao.

Nditakwatiwa n'kubwera kuno ku Chipinge ndinafuna kuwatenga. Inu munati ku Gaza chipinda n'chimodzi, makoswe ndi chinyontho adzagawana, ndiwasiye m'mala, poti mwana amabwerera komwe anasiya chake. Ndinkabweradi. Tinkatsegula bokosi, inu n'kumandifunsa ngati ndabwera kudzaona amayi kapena Kapitao. Ndiye onani tsono, nzeru zanu zija ndi zomwe zandigwetsa m'mavuto.

Sindinakhale manja lende. Mwambo umaletsa kuitanitsa, koma sunanenepo kanthu za kusinthana, ndiye ndinayenda khomo ndi khomo ndi tepi yanga yoyezera m'khosi. La mayi wa njinga ndinalipeza kwa amayi aang'ono a Rozina, litachirikiza mwendo wa kabati. Ndinawasokera diresi ya kutchalitchi, anadandaula kuti yathina m'chiuno, ndinawauza kuti chathina ndi chiuno osati diresi, koma buku ndinatuluka nalo. La ku mwezi msuweni wanga analimata pakhoma kutseka mng'alu, ndinalimatula ndi mpeni, mbali ina yabwera ndi dothi la ku Ruda. Lina inadya mbuzi. Lina a Sikelo, nkhalamba ija munkaipatsa mchere, anapichira fodya. Ndinawapeza atasuta theka la nkhani, akuti pepala lake limayaka bwino kuposa nyuzipepala. Ndinawalanda theka lotsalalo, sindinasoke kanthu.

La Kapitao lili kwa amalume a Zuze, anadzigawira okha. Mukudziwa kuti iwo ndi mkulu ku mapositoli, mutu wometa, ndevu mpaka pachifuwa, ndodo m'manja. Chikuikireni inu, mwendo wawo unatupa. Ine ndinati watupa chifukwa amakwera phiri kupita ku masowe, kumalo awo opempherera, atavala nkhwaira za tayala, chipatala n'kumachikana. Koma mneneri wawo anaona masomphenya akuti m'nyumba mwa amalume muli munthu wa ndevu ali m'dzenje, akuitana, ndipo ndi amene akukoka mwendowo. Za mzimu sinditsutsa, Amayi, koma bukulo amalume anali atamuonetsa mneneriyo dzulo lake. Chigamulo ndi choti pa msonkhano wa Pasaka, potentha zithumwa ndi nyanga za anthu olapa, Kapitao alowe nawo pamoto. Buku lomwe inu munalilanditsa ku ng'anjo ya manijala, likathere ku moto wa mlongo wanu.

Nditamva, ndinakwera kombi, timinibasi ta kuno, kuchoka ku Gaza, kusintha ku Mutare, kutsetsereka mapiri onse aja mpaka ku Ruda. Ndinanyamula shuga ndi mkanjo woyera watsopano womwe ndinausoka ndi manja angawa, msoko wake wobisika ngati wa kusitolo. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinawatchula ndi mfunda wawo. Mukanandiona simukanandizindikira. Mkanjo analandira, anauyesa, anazungulira nawo pabwalo akutsimphina. Shuga analandira. Nditatchula buku, anati cholandira pa mphasa ya malemu sichituluka pakhomo.

Mawu anali atafika kale pakhosi, ena mwa iwo oti sindingawalembe kwa inu. Koma iwo analowa m'nyumba, n'kutuluka nalo atalikulunga m'pulasitiki, m'chikwama chomwe amasungamo Baibulo. Anatsegula pa tsamba lija mayi wa duku akusuzumira m'chitsime, pomwe pali chidindo cha chala chanu chakuda ndi utomoni wa tiyi. Anaika chala chawo pamwamba pake. Anati, "Iwe unayamwa kwa iye, uli naye m'magazi. Ine chomwe ndatsala nacho ndi chala ichi."

Ndinangoyang'ana chala chawo chili pa chala chanu, Amayi. Tomasi, yemwe anali pompo, akuti linali tsiku lake loyamba kumva mbalame za pa Ruda ine ndilipo. Kenaka ndinawafunsa kuti ngati ndi choncho, akulitentheranji? Anati mneneri wanena, iwo ndi mkulu wa mpingo, sangakhale oyamba kukana. Wokhoza kumasula mawu amenewo ndi mwini katundu yekha. Mlongo wawo akawauza kutulo kuti bukulo si lake, ndi la mwana, ndiye kuti silinali nhumbi, katundu wa malemu, ndipo chomwe si chawo sangachipereke pamoto. Ananena akuyang'ana kumbali, ngati munthu wopempha kuti wina amutsekulire chitseko chomwe wadzitsekera yekha.

Ndiye nkhani yafika pa inu. Musandiuze kuti njira kulibe, chifukwa ndikumva kuti mukuyendayenda. A Rozina akuti munawafikira kutulo n'kuwauza kuti bulangete lanu lofiira, lomwe linagwera mpongozi wanu, linayenera kukhala lawo, ndipo analitenga. Mpongoziyo akuti nayenso munamufikira, kumuuza komwe nkhuku yanu yamawanga imaikira mazira. Ngati muli ndi mpata wa bulangete ndi mazira, wa Kapitao sungasowe. Kwa ine simubwera, ndipo sindikudandaula, ndikudziwa mukuopa kuti tikangana. Pitani kwa a Zuze.

Ndipo mukapita, chonde, mupite ndi nkhope yanu yomwe, duku lanu lomwe. Musapite ngati njiwa yoyera, kapena mtsinje wosefukira, kapena munthu woima patali osayankhula, chifukwa maloto otere amakathera kwa mneneri yemweyo kuti amasulire, ndipo ndikudziwa kale momwe adzamasulire. Miyambi yanu ija muisiye kumeneko. Muwatchule dzina, munene kuti, Zuze, buku lopanda chikuto ndi la Felesiya, ndinamupatsa ndine, mubwezere. Mubwereze kawiri, khutu lawo lakumanzere silimva. Muwauzenso kuti akafuna kuona chala chanu, khomo langa ku Gaza ndi lotsegula, ndidzawaphikira tiyi, adzaliyang'ane mpaka atope, ine ndili pompo. Mukatero, pomaliza muwalamule apite kuchipatala ndi mwendowo, poti inu nokha ndi amene amakuopani.

Pasaka sali patali, Amayi, musachite zozengereza ngati mwana wanu Tomasi. Munasunga katundu wanga m'bokosi lanu, munachoka osanena, konzani.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kuposa momwe pakamwa pangapa pangavomerere pagulu. Ine mbali yanga ndikulonjeza kuti sindikalipira amalume, kapena mneneri, kapena wina aliyense wovala zoyera, kufikira Lachinayi loti mawa msonkhano wa Pasaka uyamba. Kupitirira pamenepo sindikulonjeza kanthu.

Ndine mwana wanu,
Felesiya