Galimoto Zikuima pa Manda a Atate

Chelstone, Lusaka
4 Novembala 2006

Asisi a Helen,

Matthew, mlongo wathu uja mumamunyadira, wandidula mtima. Koma ndiyambe mwaulemu: muli bwanji ku Katete? Mwendo wa amai ukupola? Ine thupi lili bwino.

Pa tsiku lokumbukira akufa ndinapita kumishoni yakale ya amonke, monga amai anandituma, nditanyamula tsache ndi kandulo. Mukudziwa kuti malowo anagulidwa ndi yunivesite. M'tizipinda momwe amonke ankagona muli maofesi, m'tchalitchi amalemberamo mayeso. Belu lilipo, koma chingwe anachotsa.

Manda a amonke achizungu ndi opakidwa laimu, maluwa mbali zonse. Kuseri, kumene anaika antchito, kumene tinasiya atate pansi pa mtengo wa mango, ndinapeza phula. Galimoto zikuima pamenepo, asisi. Munthu anawaphikira amonkewo mpaka msana kupindika, lero akudontheredwa mafuta a injini.

Mlonda wina wachikulire anandiuza kuti chaka chatha akuluakulu anaitana abale kuti adzasamutse mafupa. Mabanja ena anabwera. Matthew, amene amagwira ntchito pomwepo yoonetsa alendo malo, anamva koma sanatiuze, kuopa kuti mabwana angadziwe kuti ndi mwana wa kuki.

Ndinamupeza m'tchalitchi atavala tayi, akufotokozera alendo za magalasi a m'mawindo. Atandiona ndi tsache anandiuza m'Chingelezi kuti osesa amalowera khomo lakumbuyo. Ine! Amene ndinkamuchapira yunifomu!

Ndinatuluka, ndinagwada pambali pa galimoto ya bwana wake, ndinasesa phulalo, n'kuyatsa kandulo. Anthu atasonkhana ndinawauza mokweza kuti pansi pa tayala ili pagona bambo wa mnyamata wa tayi uja. Matthew anabwera, akuti ndimuchotsetsa ntchito. Ndinamuyankha kuti akachotsedwa abwere adzagone pomwepo, malo ndi osalala.

Amai anapempha dothi la pamanda, poti amafuna tsiku lina kudzagona pambali pa amuna awo. Dothi kulibe. Ndakulunga kachidutswa ka phula m'kansalu. Muwapatse, muwauze kuti ndi mphatso ya mwana wawo wokondedwa. Musandipemphe kuti ndifewetse mawu.

Mulungu akusungeni. Moni kwa alamu ndi ana, makamaka Eness. Matthew akabwera kumeneko pa Khirisimasi, mundiuziretu, ndidzatsala kuno. Nkhaniyi ndailemba kamodzi, sindidzaitchulanso.

Ndine mng'ono wanu,
Imelda