Ndinang'amba setifiketi ya ukwati wa apongozi

Aphungu,

Ndine mwamuna wosakwatira, ndimakhala ku Chikamveka muno mu Zomba. Ntchito yanga ndi yokonza ndi kusunga mapepala akale. Anthu ambiri ndikawafotokozera amangovomera ndi mutu, kenako amakauza anzawo kuti ndine mesenjala. Zoona zake n'zakuti ndimalandira mapepala odyedwa ndi chiswe, ochita chuku chifukwa cha chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri, ndi ena odyeka ndi dzimbiri la timawaya tomangira. Ndimawapukuta ndi burashi yofewa, ndipo pong'ambika ndimalumikiza ndi kapepala kopyapyala ngati khoko la anyezi, pomata ndi kaphala kopangidwa kuchokera ku tirigu. Chiswe sindidana nacho kwenikweni, chimadya chifukwa cha njala. Adani anga ndi selotepi ndi makina olaminetera, poti zimenezi amazibweretsa ndi anthu amene akuganiza kuti akuthandiza.

Ndili pa chibwenzi ndi mtsikana wina dzina lake Aggie, ndipo chinkhoswe chathu chinali choti chichitike kumapeto kwa mwezi uno.

Kwawo kwa Aggie amasunga mwambo. Mkamwini, ngakhale wongoyembekezera ngati ine, sakhala moyandikana ndi apongozi aakazi, ndipo moni timapatsana chapatali, maso ali pansi. Zonsezi ndinkazitsata popanda vuto mpaka Lamulungu lapitali.

Titaweruka ku tchalitchi ndinapita kwawoko. Mayi ake, mayi Malita, anatulutsa m'sutikesi setifiketi ya ukwati wawo ndi malemu bambo Japhet, amene ankagwira ntchito ya nkhalango pamwamba pa phiri. Ndi pepala lokhalo lotsala limene malemuwo anasainapo ndi dzanja lawo. Mayi anati akufuna likapachikidwe pakhoma pa tsiku la chinkhoswe kuti bambo nawonso aonerere mwana wawo. Pepalalo linali lofiirira, louma gwaa, ndipo linali litayamba kung'ambika motsata mzere wopinda pakati. Mchimwene wake wa Aggie, Winston, amene ali ndi kashopu ka fotokope pafupi ndi msika, anati palibe chovuta, mayi angomata selotepi kumbuyo, iye akalamineta.

Ndinatsokomola, palibe anandimva. Ndinayang'ana Aggie, iye anali kuthira tiyi. Mayi anadula selotepi ndi mano, n'kunyambita chala kuti atembenuze pepala. Aphungu, sindikudziwa kuti ndinadzuka nthawi yanji. Ndinangozindikira kuti dzanja langa lamanja lagwira mkono wa apongozi, lamanzere lagwira pepala. Iwo anadzidzimuka n'kukoka. Pepala linapatukana pa mzere uja. Dzina la Malita linatsala kwa iwo, la Japhet linabwera kwa ine.

Kenako mayi, osandiyang'ana, anauza Aggie kuti, "Tawafunsa alendowa. Imfa inatilekanitsa kale, iwo aona kuti sizinakwane?"

M'malo mopepesa ndinayamba kufotokoza mmene guluu wa selotepi amalowerera m'pepala. Winston anandidula mawu: "Alamu, paja mumati ndinu dokotala wa mapepala? Wodwala wafera m'manja mwanutu."

Ndinatuluka mwamanyazi. Ndili pa kabaza m'pamene ndinaona kuti, mwa chizolowezi cha ntchito, theka la bambo Japhet ndaliika bwinobwino m'kati mwa buku langa la nyimbo. Panopa lili kwanga, m'foda yoyera, pamalo pouma.

Malume ake a Aggie, omwe ndi nkhoswe, atumiza mawu akuti chinkhoswe chiyambe chaima mpaka adziwe ngati mutu wanga umayenda bwino. Aggie wanditumizira uthenga umodzi wokha: "Bwezani bambo anga." Ndamvanso kuti Winston akufuna kulamineta theka la mayi Loweruka lino. Akatero, mapepala awiriwa sadzalumikizikanso bwino.

Maganizo anga ndi oti ndisunge theka langali mpaka atalonjeza kuti salamineta. Pa nkhani ya selotepi ndikudziwa kuti sindikunama. Koma Aggie ndimamufuna. Ndichite chiyani?

P.N., Chikamveka, Zomba

A P.N.,

Tiyambe ndi zimene mukufuna kumva kuti tithane nazo msanga. Inde, simukunama. Guluu wa selotepi amasanduka wachikasu, amalowerera m'pepala ndipo amasiya banga losachoka. Kulamineta ndi kuphikira pepala m'pulasitiki, ndipo kulichotsamo osaliwononga n'kovuta kwambiri. Mayeso amenewo mwakhoza. Tsopano khalani pansi.

Pepala limenelo lakhala m'sutikesi ya mayi Malita zaka zambiri. Lapulumuka chiswe, makoswe, mvula ya Zomba ndi manja a ana. Selotepi ikanaliwononga pang'onopang'ono, mwina zidzukulu n'zimene zikanadzaona banga. Lang'ambika tsiku limene lakumana ndi katswiri. Mfundo imeneyi muiike m'foda yoyera, pamalo pouma, musaitaye.

Monga ndikudziwira, a ntchito yanu amaphunzitsidwa kusachita zinthu mothamanga, kusagwira chinthu mwini wake asanalole, ndi kusachita chimene sichingabwezedwe. Inu munaphwanya zonsezi pa kudumpha kumodzi. Choncho musamauze anthu kuti inakulakwitsani ndi ntchito. Ntchitoyo ikanakhala ndi pakamwa ikanakukanani.

Zosunga theka mpaka alonjeze muzisiye lero lomwe. Kumeneko ndi kugwira chikole, ndipo amene mwamugwirayo ndi malemu, tate wa mkazi amene mukufuna kukwatira. Setifiketi ija si ya boma, si ya ku ntchito kwanu, si yanu. Ndi ya mayi Malita. Atafuna kuilamineta, kuipinda kanayi kapena kukulungira mbewu ya mpiru, ufulu ndi wawo. Ndaonanso kuti m'kalata yanu mwafotokoza mtundu wa pepala, kuuma kwake ndi pamene linapindidwa, koma za Aggie ndangodziwa kuti amathira tiyi. Ganizirani zimenezo muli pa kabaza.

Chochita ndi ichi. Pitani kwa nkhoswe yanu Loweruka lisanafike, muifotokozere zonse osadzikometsera, ndipo ikakumane ndi malume ake a Aggie. Nkhani ya kugwira mkono wa apongozi siyothetsera pa foni. Theka la bambo Japhet lipite ndi ankhoswewo, libwezedwe popanda mawu akuti "pokhapokha". Akati pafunika nkhuku yopepesera, gulani yonenepa, musanenerere mtengo.

Mukaitanidwa, pepesani zinthu ziwiri, mkono ndi pepala, ndipo muyambe ndi mkono, poti kwa mayi ndi kwa ankhoswe mlandu waukulu ndi umenewo. Mawu oti "guluu" asatuluke m'kamwa mwanu. Kupepesa kokhala ndi "koma" pakati ndi ulaliki, ndipo iwo ulaliki anali atamva kale ku tchalitchi tsiku lija.

Za kulumikiza pepala musapemphe ndinu. Muuzeni Aggie zimene mungathe kuchita, iye ndiye akalankhule ndi mayi ake, ndipo achite zimenezi Winston asanayatse makina. Mayi akavomera, mukakonzere kwawo komweko, masana, pa tebulo lawo, iwo akuona. Pepala lisatulukenso m'nyumba imeneyo ndi inu. Zipangizo za ku ntchito musangozinyamula, pemphani kaye kwa akulu anu, kuopa kuti mungataye chinkhoswe ndi ntchito mwezi umodzi. Muwauzenso mayi zoona, kuti chipsera chidzaoneka pang'ono. Ndi munthu wamkulu, amadziwa kuti ukwati wopanda chipsera kulibe.

Musaiwale chimene mayi ankafuna. Sanali kulimbana ndi sayansi. Ankafuna kuti amuna awo akhale pakhoma pa tsiku la mwana wawo. Ndiye mukalumikiza, Winston ajambule fotokope yabwino ya kalala, ailaminete mmene mtima wake ukufunira, ndipo imeneyo ndiyo ipachikidwe. Yeniyeniyo ibwerere m'sutikesi, yosapinda, m'foda imene mudzapereke ngati mphatso kudzera mwa Aggie. Winston mumulipire monga kasitomala aliyense. Mlamu amene wadyapo saseka kwambiri, ngakhale dzina la dokotala lija mudzafa nalo.

Nanga akakana, n'kulamineta theka lililonse palokha? Mudzameze malovu n'kunena kuti zaoneka bwino. Mapepala oti muwapulumutse adzaza m'mashelefu ku ntchito kwanu, ndipo mawa kubwera ena. Aggie ndi mmodzi, ndipo uthenga wake sunati "tasiyana". Wati mubweze bambo ake. Ameneyo ndi munthu amene wakusiyirani khomo lotsekula, koma sakhala akuligwirira mpaka kalekale.

Chenjezo langa ndi ili. Zonse zikayenda bwino, tsiku lina abusa adzakupatsani setifiketi yanuyanu, ndipo apongozi adzafuna kuiona. Adzanyambita chala. Winston adzakhala ali pambali ndi maganizo ake aja. Nthawi imeneyo manja anu onse awiri adzakhale m'thumba la suti, ndipo musadzawatulutse mpaka Aggie atakuuzani.

Aphungu