Tchalitchi chadzaza, koma bambo anga sakubweranso

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa chakudya ku kantini ya pa koleji ina. Nkhani yanga ndi ya bambo anga ondibereka, ndipo ikundidya mumtima.

Chaka chatha ndinaona kuti Lamulungu ophunzira ambiri amangokhala pa mabenchi a kantini, maso pa foni, ena osowa ngakhale wowapatsa moni. Ndinakauza abusa kuti tchalitchi chathu chili pafupi, kungowoloka msewu, bwanji osawaitana anawa? Abusa anati, "Mwaiyamba ndinu, muitsogolere ndinu." Ndinayenda m'mahositelo ndi amayi anzanga, kugogoda chitseko ndi chitseko. Tikaweruka ku mapemphero tinkawaphikira tiyi. Anayamba ochepa, koma pano mabenchi onse akumbuyo ndi awo.

Bambo anga ndi telala, ndipo kuyambira ndili mwana ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi. Tinalibe choimbira chilichonse. Nyimbo ikatchulidwa, iwo ankaimirira, kukhosomola pang'ono, n'kuponya mzere woyamba, ife tonse n'kulandira. Ana tinkawayerekeza kakhosomoledwe kameneko kunyumba mpaka mayi kutithamangitsa ndi tsache.

Kenaka mnyamata wina wa pa koleji, amene anzake amamutchula kuti Zala, anabwera ndi kiyibodi. Ndi mwana waulemu, ndipo amaimba mokoma, ndisaname. Komiti yathu inagwirizana kuti nyimbo aziyambitsa iyeyo. Ndinati bambo ndiwauza ndekha, koma ndinkangoti mawa, mawa. Lamulungu litafika nyimbo inatchulidwa, bambo anaimirira, anakhosomola, ndipo asanatsegule pakamwa kiyibodi inalira. Anaima choncho buku lili m'manja, kenaka anakhala pansi pang'onopang'ono. Atsikana awiri kumbuyo anaseka. Sichinali chipongwe, sankadziwa kuti mkuluyo waimiriranji.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse akuti mwendo ukuwawa. Mwendo womwewo Lolemba umapalasa makina osokera mpaka madzulo. Nditawafunsa anangoti, "Mwanawe, makina amagetsi akabwera, opalasa amawakankhira pakona. Kapemphereni, ine ndisunga nyumba."

Chandilembetsa ndi ichi. Koleji yatsekera, ana apita kwawo, Zala wanyamula kiyibodi yake. Lamulungu lapitali nyimbo itatchulidwa m'tchalitchi munangoti zii. Anthu onse anatembenukira pomwe bambo ankakhala. Mkulu wina wa mpingo anayesa, koma anaiyamba pamwamba kwambiri, nyimbo inafera panjira. Ine ndinalira, Aphungu. Tsopano abusa andituma ndikawapemphe bambo kuti azitithandiza mpaka koleji idzatsegulire. Ndikayambira pati? Nthawi zina ndimati bola ndikanawasiya ana aja pa mabenchi awo.

T.L., kufupi ndi koleji

Mayi T.L.,

Poyamba, maganizo oti munalakwa kuitana anawo muwataye. Ndi ana a eni, ali kutali ndi makolo, ndipo munawapatsa pofikira. Zala nayenso alibe mlandu. Pomwe panalakwika ndi pamodzi: munthu amene watumikira mpingo kuyambira inu muli kamtsikana anauzidwa ndi kiyibodi kuti ntchito yake yatha, pamaso pa anthu onse, mwana wake ali pompo akudziwa. Mwendo umenewo si wopita nawo kuchipatala, nanunso mukudziwa.

Uthenga wa abusawo musaunyamule. Mukakawauza bambo kuti abwere "mpaka koleji idzatsegulire", mukhala mwawauza kuti iwo ndi tayala la sipeya, lomakumbukiridwa lina likaphulika. Chilonda chimenecho chidzaposa choyamba.

Pitani nokha komwe amasokera, osati ndi komiti. Khalani pa benchi ya makasitomala, muwadikire atsirize msoko, ndipo mupepese mosazungulira. Muwauze kuti munkadziwa, munachita mantha kuwauza, ndipo munawachititsa manyazi. Tsiku limenelo musapemphe kanthu. Akakhala chete, nanunso khalani chete, musathamangire kufotokoza za komiti.

Mukatero bwererani kwa abusa muwauze mwaulemu kuti ulendo wachiwiri ndi wawo pamodzi ndi akulu a mpingo. Bambo anu sankaimbira inu, ankaimbira mpingo, ndipo mpingowo sunawathokozepo. Apite okha, asatume mwana.

Koleji ikatsegulira, mukhale pansi ndi Zala mumufotokozere zonse. Ngati ndi waulemu monga mukunenera, adzachita manyazi ndipo adzafuna kukonza. Mupite naye kwa bambo. Kiyibodi si mfumu, ikhoza kudikira: mkulu aponye mzere, iyo ilandire pamodzi ndi anthu. Muwapemphenso bambo aphunzitse achinyamata a mumpingo momwemo kuyambitsa nyimbo. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zala adzatsiriza maphunziro n'kupita, ndipo chete amene anakulizani uja adzabweranso.

Chenjezo langa ndi lakuti akhoza kukana, ndipo ali ndi ufulu wotero. Musawakakamize, musawatumizire amayi a chigwirizano kuti akawanyengerere, komanso musawaike pa mndandanda wa odwala oti apemphereredwe. Pa tchuthi chino nyimbo zifere panjira choncho, mpingo uone bwino munthu amene unamukankhira pakona. Ngati bambo anu adzabwerere, adzabwerere tsiku limene mabenchi akumbuyo adzaza, kiyibodi yayaka, ndipo Zala wakhazika manja pamiyendo, akudikira kuti mkulu akhosomole.

Aphungu