Mbala ndi Mbalame

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kodi bondo la amayi lija layamba kuwalola kuyenda? Ine ndilipo, kungoti chifuwa sichikundisiya chifukwa cha mankhwala a njenjete amene timathira m'madilowa osungira mbalame zouma kuntchito kuno.

Mukukumbukira timbalame tofiira pachifuwa tija ndinkakuuzani? Mabuku onse amati tili m'mitundu iwiri. Zaka zinayi ndakhala ndikuyeza milomo ndi mapiko, kumvetsera nyimbo zake mpaka makutu kulira, ndipo ndinapeza mtundu wachitatu: kamchira kake ndi kakafupi, ndipo kamatsitsa mawu pomaliza nyimbo. Ndinadzikayikira chaka chathunthu ndisanauze munthu.

Nditawauza abwana anga, amene timawatcha a Chipewa poti sachivula ngakhale mu ofesi, anati ndalakwitsa poyeza. Ndinawakhulupirira, mukundidziwa. Mwezi watha ndinapeza pepala litaiwalidwa pa makina osindikizira, lolengeza mtundu watsopano. Manambala onse anga, wolemba iwo okha. Ine anandithokoza kumunsi, mzere umodzi ndi dalaivala.

Patapita masiku abwanawo anabwera pa tebulo langa akumwetulira, nati akufuna dzina la kambalameko lichokere m'chilankhulo chathu, kuti nanenso ndisangalaleko. Iwo ndi akunja, sachimva ngakhale moni. Ndinawapatsa mawu akuti mbala. Ndinawauza kuti ndi chidule cha mbalame, mmene timatchulira kambalame kapamtima. Anawatchula katatu, nati ndi okoma pakamwa.

Achimwene, lamulo la ntchito yathu ndi lakuti dzina likasindikizidwa silisinthidwanso, ngakhale mwini wake atagwada. Komanso pambuyo pa dzina la mtundu amalembapo dzina la munthu amene anautcha. Choncho m'buku lililonse, pa dilowa lililonse, padzakhala mawu akuti mbala, kenako dzina lawo. Iwo adzamwalira, ine ndidzamwalira, mawu awiriwo adzakhalabe moyandikana. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndasanduka munthu woipa. Ndikatsegula dilowa n'kuona timapepala ta m'miyendo ya timbalameto, tonse tolembedwa ndi dzanja langa, funsolo limatha.

Pempho langa ndi limodzi. Akonzi a magazini imene isindikize pepalalo akufuna munthu wina wodziwa chilankhulo atsimikize mawuwo asanasindikize. Ndapereka nambala yanu poti ndinu mphunzitsi, ndipo adzaimba kumapeto kwa mwezi uno. Mukaseka kapena kumasulira, ntchito yanga yatha. Ndikudziwa kuti bodza mumadana nalo, ndipo sindikukupemphani kunama. Funso lawo lidzakhala lakuti kodi mawuwa akuyenera pamalo pamene alembedwa. Mudzangoyankha kuti akuyenera ndithu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Amayi musawauze izi, angandiike m'mapemphero a anthu otayika.

Ndine mlongo wanu,
Kachete