Injini ya Lole Munandisiyira Ija

Lilongwe,
14 Ogasiti 1974

Okondedwa amalume a Mikaili,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Ife kuno tilipo choncho.

Lilongwe simungamuzindikirenso. Chiyambire boma kusamuka ku Zomba, aliyense wa lole akututa mchenga ndi njerwa kupita ku City Centre. Koma lole munandisiyira ija yatha masabata atatu ili chiimire. Inayamba kutulutsa utsi woyera, madzi n'kumasakanikirana ndi oyilo, kenaka zii. A Greenwell, amakanika a kuseri kwa msika, atatsegula anapeza kuti gasiketi, kachitsulo kopyapyala kotseka pansi pa mutu wa injini, yapsa, ndipo anangopukusa mutu. "A Sumaila, pamphunopa palembedwa Bedifodi, koma injiniyi si yake. Ndikagule gasiketi ya galimoto yanji?" Nambala ya pa injiniyo inadyeka ndi dzimbiri. Tayesa magasiketi atatu, mabowo sakugwirizana.

Amalume, chonde kumbukirani. Injini munaikamo ija munaichotsa m'galimoto yanji? Ngakhale dzina lokha litithandiza.

Sikuti ndikulirira mchenga ayi. Nkhani ndi ya mkazi wanga Mwanasha. Lachiwiri adokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti ndipite naye kwawo ku Mangochi akaonane ndi amayi ake. Mankhwala sanatipatsenso. M'basi sangathe kukhala tsonga, ndiye ndayala kale matiresi kumbuyo kwa lole. M'mawa uliwonse amandifunsa kuti, "Yalira?" Ine ndimangoti mawa.

Musayankhe pa kalata, imachedwa. Mukangolandira kalatayi, tumizani telegalamu tsiku lomwelo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Sumaila