Azamba Amene Ankalemba ndi Pensulo

Kwa bambo athu amene mwasiyidwa, kwa ana ndi adzukulu a malemu, kwa azamba ndi anamwino amene munagwira nawo ntchito, ndi kwa onse amene uthenga uno ukufikeni,

Ife a Bungwe la Khomo Lotsegula, limene limasonkhanitsa anthu obadwa ndi ziwalo zosaonetsa bwino ngati ndi amuna kapena akazi, pamodzi ndi anthu amene mtima wawo sugwirizana ndi zomwe analembedwa pa khadi tsiku lobadwa, talandira ndi chisoni chachikulu uthenga wakuti azamba athu okondedwa, amene tonse tinkawatchula kuti Mayi Napensulo, atisiya m'mawa wa Loweruka lapitali, atagwa mwadzidzidzi akuyanika zovala kuseri kwa nyumba yawo. Tinadzidzimuka kwambiri, chifukwa Lachisanu masana anali nafe ku ofesi akutikalipira kuti mipando yathu ili ndi fumbi, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaganiza kuti ukali umenewo tikuumva komaliza.

Atisiya ntchito ili pakati. Mdzukulu wawo wotsiriza, khanda la miyezi inayi, anabadwa ndi thupi longa la ambiri a ife, ndipo Lachinayi likubwerali ndilo tsiku limene madokotala anapatsa makolo ake kuti akasaine chikalata chololeza opaleshoni yosintha maonekedwe a ziwalo za mwanayo. Malemu anali atanenetsa kuti adzapita nawo kukapempha kuti mwana asakhudzidwe ndi mpeni kufikira atakula n'kudzinenera yekha. Nkhani imeneyi ndi ya m'nyumba, ndipo sitikadaitulutsa pagulu chikadapanda kuti bambo ndi mayi a mwanayo atipempha okha kuti ilowe mu uthenga uno.

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu malemu anatumikira m'zipinda zobadwitsiramo ana za zipatala zinayi, ndipo ana amene anawalandira m'manja mwawo anachuluka moti iwo eni analeka kuwerenga. Anaphunzitsa azamba achitsikana kuti khanda lobadwa mosiyana ndi anzake silibisidwa kwa mayi ake, silinong'onedwa m'makonde, ndipo siliitanirwa ophunzira kuti adzalionerere. Anaumirira kuti mwana aliyense wotere ayezedwe magazi msanga, popeza ena mwa ife timabadwa ndi matenda ofunika mankhwala mwachangu, ndipo khanda likamalephera kukodza kapena likadwala, iwo ndiwo anali oyamba kuthamangira kwa dokotala. Chimene ankakana chinali chimodzi chokha, kudula mwana wathanzi pofuna kuti achibale asachite manyazi pomusambitsa.

Dzina lawo lija linachokera pa khadi la mwana wobadwa kumene. Pa khadilo pali kabokosi kakang'ono kolembamo kuti mwamuna kapena mkazi, ndipo lamulo la ntchito linkati zonse zilembedwe ndi inki. Malemu ankalitsatira lamuloli pa dzina la mayi, pa kulemera kwa mwana ndi pa ola lobadwira, koma akafika pa kabokosi kaja, mwanayo ali mmodzi wa ife, ankabweza bolopeni m'thumba n'kusolola pensulo imene inkakhala yosomekedwa m'tsitsi mwawo. Ankawauza makolo kuti asankhe mmene amulerere mwanayo, amupatse dzina, apite naye kunyumba, koma zolembedwazo zikhale zoti mwini wake angadzafufute. Chifukwa cha pensulo imeneyi analandira makalata atatu a chidzudzulo, anasamutsidwa kawiri, ndipo kukwezedwa pa udindo kunawalambalala mpaka anapuma ntchito. Mkulu wina atawafunsa ngati chipatala chasowa mabolopeni, anayankha kuti, “Mabolopeni alipo, bwana. Chimene ndilibe ndi yankho, ndipo mwini yankholo sanayambe kuyankhula.”

Mundilole pano ndisiye kaye mawu akuti “ife”, chifukwa ine amene ndasaina uthenga uno ndine mmodzi wa ana a pensulo imeneyo. Makolo anga anasankha kundilera ngati mnyamata, ndipo ndinakula m'makabudula ndikudziwa mumtima kuti ndine mtsikana. Nditakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amayi anga ananditenga kukawasaka azamba amene anandilandira, khadi lili m'chikwama. Ndinkayembekeza mawu aakuluakulu ndi misozi. Iwo analiyang'ana khadilo, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti, “Wachedwa bwanji, iwe? Chofufutira changa chinatsala pang'ono kuuma.” Anafufuta, anauzira zinyenyeswa zija, n'kundipatsa bolopeni kuti ndilembe ndekha. Kusintha mapepala ena kunanditengera zaka zisanu ndi zinayi ndikuzungulira m'maofesi, koma thupi langa ndinalipeza lathunthu, lopanda chipsera, ndipo chimenecho palibe ofesi imene ikadandibwezera.

Tinganame tikanena kuti sankalakwitsa. Mmodzi wa mamembala athu, amene ndi makaniko wa galimoto, anabadwa ndi thupi la mtsikana lopanda chokayikitsa, ndipo malemu anamulemba ndi inki kuti mkazi. Atabwera kwa iwo ali wamkulu n'kuwauza kuti iye ndi mwamuna, malemu anakana kumumvetsa, ndipo anamuuza mawu amene anamupweteka kwambiri. Patapita miyezi iwiri anapita okha ku galaja, anaima pakati pa matayala akale ali mu yunifolomu yawo yoyera, n'kuitana kuti, “Achimwene muli kunsi kwa galimoto inu, tatulukani. Ndabwera kudzapepesa, ndipo sindingapepese kwa mapazi.” Kuyambira tsiku limenelo ndiwo anatiumiriza kuti khomo la bungwe lino litsegukire magulu onse awiri, ndipo makanikoyo ndi amene wakhala akuwayendetsa ulendo uliwonse wa bungwe.

Kwa inu a pabanja, tikudziwa kuti mtolo wa ntchitoyi munausenza nawo popanda kufunsidwa. Inu bambo, kwa zaka zambiri munkatsegula chitseko kwa anthu amene aneba ankawaloza chala, kutipatsa mipando, n'kutuluka kukakhala panja kuti tiyankhule momasuka, ndipo sitikumbuka tsiku limene munatikwinyira nkhope. Inu ana, munasekedwa kusukulu chifukwa cha ife, ndipo munagawana amayi anu ndi alendo amene simunawaitane. Timazidziwa zimenezi, zimatiwawa, ndipo tikuthokoza.

Mwana woyamba wa malemu, amene ndi kalipentala ndiponso bambo wa khanda lija, sanabisepo kuti moyo umenewo unawatopetsa kuyambira ali aang'ono. Khanda lawo litabadwa, mzamba amene analilandira, yemwe kale anali wophunzira wa malemu, anabweretsa khadi kwa agogo akewo kuti kabokosi kaja alembemo okha, ndipo analemba kuti mkazi, ndi pensulo. A kalipentala sanakondwe. Atiuza kuti Lachisanu, malemu atachoka ku ofesi kwathu, anadzera ku shedi kwawo ndipo anakangana.

“Amayi, ine ndinasekedwa chifukwa cha ana a eni,” anatero iwo. “Wangayunso asekedwe? Akonzedwe akadali wamng'ono, sadzakumbuka kanthu.”

“Sadzakumbuka, inde,” anayankha malemu. “Adzangoona chipsera n'kukufunsa kuti unam'funsa ndani.”

Anasiyana osagwirizana, ndipo mawu awo omaliza anali amenewo. Sitikunena izi pofuna kuwaweruza a kalipentala, chifukwa mantha awo ndi a kholo lokonda mwana, ndipo kusekedwa kumene amakuopa si nkhambakamwa.

Dzulo Lolemba, cha m'ma teni koloko, a kalipentala anafika ku ofesi kwathu utuchi uli m'tsitsi, pamodzi ndi akazi awo ndi khanda lija. Bokosi la amayi awo anakhoma okha Lamulungu. Anayala patebulo khadi la mwana ndi chikalata cha opaleshoni chosasainidwa, n'kundifunsa mosazungulira kuti, “Achemwali, inu munadikiridwa. Ndiuzeni zoona, simunawakwiyirepo makolo anu pokusiyani chonchi?”

Ndinawauza zoona. Ndinawauza kuti anzanga akusukulu anandivula kabudula kawiri, kuti ndinaleka kusewera mpira chifukwa choopa kusintha zovala pagulu, ndiponso kuti panali chaka chimene sindinkafuna kutuluka m'nyumba. Ndinawauzanso kuti zonsezo zinapita ine n'kutsala wathunthu. Pamenepo mlembi wa bungwe lathu, bambo wofatsa amene kawirikawiri sayankhula pa misonkhano, anaika pansi zolembera zake. Iye anabadwira kwina kumene kunalibe pensulo, ndipo anachitidwa opaleshoni ali ndi miyezi isanu.

“Ine sindinasekedwe ndili mwana, achimwene,” anatero. “Anandikonza bwinobwino kuti ndikhale mtsikana. Kungoti sindine mtsikana, ndipo zimene anachotsa sizibwerera.”

A kalipentala anayang'ana manja awo, kenaka anati, “Dzulo pokhoma bokosi la amayi ndinadula thabwa limodzi lalifupi. Sindinayeze kachiwiri. Ndinaliponya pakona n'kutenga lina.” Anatembenukira khanda limene linali kuyamwa, n'kunena kuti, “Uyu ndilibe wina woti nditenge.”

“Ine ndinakana kalekale,” anatero akazi awo. “Ndimangodikira kuti abambo akewa amve okha, chifukwa ukawauza ndiwe amati apongozi akutuma.”

A kalipentala anapinda chikalatacho pawiri n'kunena kuti sasaina, koma anaulula chimene chikuwaopsa. “Madokotala aja akayamba mawu awo ataliatali, ine ndimangoti inde, inde, mpaka ndatuluka. Amayi ndiwo amadziwa kuwayankha. Tsopano apita nafe ndani?”

Yankho limene tinawapatsa dzulo tikulibwereza pano pamaso pa onse, kuti wina aliyense adzatifunse tikalephera. Tipita ndife. Ine ndidzakhalapo, mlembi wathu adzakhalapo, mzamba amene analandira mwanayo wapempha tchuthi cha tsiku limenelo kuti adzakhalepo, ndipo makaniko wathu wanena kale kuti galimoto ikhala pakhomo panu dzuwa likamatuluka. Sitikupita kukalimbana ndi madokotala, amene ambiri a iwo amafunira mwana zabwino monga ifenso. Tikupita kukapempha kuti mwanayo apitirize kuyezedwa, kuti chilichonse chokhudza thanzi lake chichitidwe mosazengereza, koma kuti mpeni wongosintha maonekedwe udikire mwini thupi. Mawu aliwonse aatali amene anganenedwe m'chipindamo tidzapempha kuti abwerezedwe mwachidule kufikira makolo atamva, ndipo sitidzachita manyazi kufunsa kachitatu. Lonjezo lomweli tikulipereka kwa makolo ena onse amene malemu ankayenda nawo, chifukwa maina anu anatisiyira m'kope lawo ndipo palibe amene titamusiye yekha pa benchi la kuchipatala.

Pamene a kalipentala ankatsanzikana nafe, ndinaona kapensulo kakafupi, kolumidwalumidwa kumapeto, kali kukhutu kwawo, ndipo ndinakazindikira. Iwo anaona kuti ndakaona. “Alongo anga anakachotsa m'tsitsi mwa amayi, amafuna kalowe nawo m'bokosi,” anatero. “Ndawauza kuti ayi, kakadali ndi ntchito.”

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, aakulu ndi aang'ono, olembedwa ndi pensulo ndi olembedwa ndi inki, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu bambo, kwa ana, kwa adzukulu ndi kwa abale onse. Mwataya mkazi, mayi ndi agogo, ife tataya munthu woyamba amene anatiyang'ana osadzidzimuka, ndipo misozi yanu ndi yathu ikuchokera pamodzi. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, akulimbitseni mawondo pamene nyumba idzakhale zii anthu atabalalika, ndipo manja a malemu, amene sanapumepo, apume tsopano.

Mawa Lachitatu tidzakhala nanu kumanda kuperekeza amayi athu. Lachinayi, seveni koloko m'mawa, mudzatipeza pa benchi la pakhomo pa dokotala. Khadi la mdzukulu wawo lidzalowa m'chipindamo lolembedwa ndi pensulo, ndipo lidzatulukamo momwemo.

Ndine wanu pa chisoni chimenechi,

Wapampando
Bungwe la Khomo Lotsegula