Chithunzi Chanu Ndinachitsitsa Ndekha

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndine Lukasi, kuno ku Lifidzi.

Ndimakumbukirabe Lachiwiri lija musanadwale. Munali pakhonde kusankha nyemba, ine ndikukujambulani ndi khala pa pepala la thumba la simenti. Munasuzumira n'kunena kuti, "Iwe, manja angawa wawakulitsa ngati makasu." Ndinati ndikonza mawa. Mawa lakelo tinali nanu kuchipatala.

Chimanga chachita bwino, koma kachewere waola kudimba. Mdzukulu wanu Marita ali ndi mwana wamkazi. Mpongozi wanu Rozalina anamwalira dzinja lathali, ndikhulupirira mwaonana. M'nyumba muli zii.

Azungu apita, Amayi, mbendera yasintha. Akuluakulu atsopano anandipempha kuti ndijambule amayi amene anagwira ntchito zazikulu, zithunzizo zikapachikidwe ku sikola pa chikondwerero. Ndinajambula Anaphiri amene ankaphunzitsa atsikana kuwerenga, Anankhoma amene ankasenzera ankhondo ufa kutchire, ndi inu, mzamba wa mudzi uno zaka zonse zija. Chanu ndinatengera pa pepala lija.

Chinakhala pakhoma masiku awiri. Pamsonkhano, sekeretariyu wathu, Zakeyu mwana wa Anangozo, anati uzamba munaphunzira kwa masisitere achizungu, tsono munali wa atsamunda. Zakeyu yemwe uja anabadwa motsogoza miyendo, inu n'kumuuzira mpweya mpaka analira. Ndinayang'ana m'chipindamo. Ambiri mchombo munawadula ndinu, koma onse anazyolika. Mlongo wanga Tereza anangokonza duku lake. Nanenso, Amayi, sindinayankhule. Ndinangoimirira n'kutsitsa chithunzicho ndekha kuti wina asachigwire.

Munkati khanda siliona amene walilandira. Ine ndinkayesa nthabwala.

Mala yanu yachitsulo, ija munkasungiramo katundu, ndakhala nayo zaka zinayi osatsegula. Dzulo ndatsegula. Makapulana, nsalu zanu zovala zija, ndapatsa Marita. Lumo, basiya yosambitsira makanda ndi nsalu zoyera ndapereka kwa Anasitaziya, uja munamuphunzitsa ntchito. Polandira anandiuza kuti akayamba nazo kwa Zakeyu, poti mkazi wake watsala pang'ono. Basiyayo ndinaigwira kanthawi, kenaka ndinamusiya apite nayo. Ndikudziwa kuti inu mukanapita, ngakhale kukugwa mvula.

Chithunzi chili kuchipinda kwanga, dzina lanu ndalemba m'munsi mwake ndi zilembo zazikulu. Mwana wa Marita akadzafika poyamba kuwerenga, adzayambira pa dzina limenelo. Ndalonjeza.

Mundiperekere moni kwa Rozalina.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lukasi